Wofufuza ngozi ayenela kuopa ndani?

Basi ikagubuduzika pa msewu wa Great East, kapena thilaki ikawombana ndi minibasi pa Great North, tonse timadziwa zimene zimatsatila. Zithunzi zimafika pa WhatsApp ambulansi isanafike pamalopo. Madzulo mneneli wa apolisi amachula ciwelengelo ca akufa, n’kunena kuti dalaiva anali kuthamanga kwambili. M’mawa mwake nduna imapita kucipatala, boma limagula mabokosi, ndipo pamalilo wina wovala suti amalonjeza kuti nkhaniyi ifufuzidwa mpaka pansi pake. Kenako timabalalika. Pakapita miyezi itatu, funsani aliyense pa siteshoni kuti ofufuza aja anapeza ciani. Adzakuyang’anani ngati mwafunsa za mvula ya caka catha.

Lonjezo lija silikhala lopanda mwini. Kwinakwake kuli ofesi, mu ofesimo muli mpando, ndipo pampandopo pali munthu amene ayenela kusaina dzina lake pansi pa mau onena kuti anthuwa anafa cifukwa ca ici ndi ici. Munthu ameneyu ndiye amandivutitsa maganizo. Anamuika pampando ndi boma, ndipo malipilo ake amacokela ku boma. Koma msewu umene unali ndi dzenje ndi wa boma, amene anapatsa basi pepala la fitinesi ndi boma, nthawi zina ngakhale ndeke imene inagwa ndi ya boma. Nanga iye akhale wokhulupilika kwa ndani? Kwa amene anamupatsa nchito, kwa amasiye amene akulila, kapena kwa ife amene tidzakwela basi ina mawa m’mawa?

Ngozi ikacitika pamabuka mafunso awili ooneka ngati amapasa. Loyamba n’lakuti, walakwa ndani? Laciwili n’lakuti, zinacitika bwanji? M’komboni timathamangila loyamba, ndiye cifukwa cake dalaiva akagunda munthu amathawa asanazime n’komwe injini. Amadziwa kuti gulu limene likubwela ndi miyala silidzayamba layang’ana mabuleki. Funso loyamba limatha msanga: mukapeza munthu, mwamaliza. Laciwili ndi loculukitsa nchito. Limafuna kudziwa kuti dalaivayo anagona maola angati, matayala anagulidwa liti, mwini basi anamuuza kuti abwele ndi ndalama zingati pa tsiku, ndiponso ndani anaona basiyo n’kunena kuti ili bwino.

A zandeke anasankha kalekale kulekanitsa mafunsowa. Maiko anasainilana pangano ku Chicago mu 1944, limene linabala bungwe la ICAO, ndipo gawo lina la malamulo ake, lochedwa Annex 13, limanena mosabisa kuti colinga cokha cofufuzila ngozi ya ndeke ndi kupewa ngozi ina, osati kugawa mlandu. Poyamba kumva, mau amenewa amaoneka ngati njila imene akulu-akulu anadzipangila yothawila cilango. Koma ganizilani makanika amene anaiwala kumanga bauti. Akadziwa kuti zimene anene lelo zidzamumangitsa mawa, adzakhala cete, kapena adzanama. Bauti ija idzaiwalikanso pa ndeke ina, ndi makanika wina, cifukwa cimene cinacititsa woyamba uja kuiwala, kaya ndi kutopa kapena buku losalembedwa bwino, cikali pomwepo. Wofufuza amagula coonadi, ndipo mtengo wake ndi kusagwila cikwapu m’manja. Mlandu sufa ai. Umapita kwa apolisi ndi kukhoti, pa khomo lina.

Kuti muone phindu la zimenezi, ikani ngozi ziwili pamodzi. Imodzi ndi yathu.

Usiku wa pa 27 April 1993, ndeke ya asilikali athu ya mtundu wa Buffalo inanyamuka pa Libreville ku Gabon, itanyamula timu ya dziko lino kupita ku Dakar kukasewela ndi Senegal. Inagwela m’nyanja pafupi-fupi mamita 500 kucoka kumtunda. Anthu onse 30 anafa, kuphatikizapo osewela 18 ndi makochi awo, a Godfrey Chitalu ndi a Alex Chola. Ambili a inu munali musanabadwe, koma manda awo mumawadziwa, pafupi ndi Independence Stadium. Lipoti la boma la Gabon linatuluka mu 2003, patapita zaka 10. Linanena kuti injini ya kumanzele inagwila moto, koma woyendetsa anazima ya kumanja imene inali bwino, ndeke n’kutsala yopanda mphamvu. Linachulanso kutopa kwa woyendetsayo, amene anali atangocoka kukatenga timu yomweyo ku Mauritius, komanso cipangizo cocenjeza cimene sicinali kugwila bwino nchito.

Inayo inacitika ku England zaka zinai m’mbuyo mwake. Pa 8 January 1989, ndeke ya Boeing 737 ya kampani ya British Midland inacoka ku London kupita ku Belfast. Injini ya kumanzele inawonongeka, oyendetsa anazima ya kumanja. Inagwela m’mbali mwa msewu wa M1 pafupi ndi mudzi wa Kegworth, ndipo pa anthu 126 amene analimo, 47 anafa. Kulakwitsa kwake n’kofanana ndendende ndi kwa pa Libreville. Zimene zinatsatila ndizo zinasiyana. Ofufuza a ku Britain anatulutsa lipoti lawo mu 1990, aliyense n’kutha kuliwelenga, ndipo sanaimile pa mau akuti oyendetsa analakwitsa. Anafunsa cifukwa cake anthu awili odziwa nchito angalakwitse motelo. Anapeza kuti ndekeyo inali ya mtundu watsopano, ndipo oyendetsa sanaphunzitsidwe mokwanila pa kusiyana kwake ndi yakale. Anapeza kuti mageji oonetsa kunjenjemela kwa injini anali aang’ono, ovuta kuwelenga pa nthawi ya cipwilikiti. Anapezanso cinthu cimene cimandicititsa nthumanzi: apaulendo ena anaona moto ukutuluka ku injini ya kumanzele, anamva kaputeni akulengeza kuti wazima ya kumanja, koma uthenga sunafike kwa oyendetsa. Anaganiza kuti akatswili akudziwa zimene akucita. Ndani wa ife sanakhalepo cete m’minibasi, akuona dalaiva akupitilila thilaki pa kona, cifukwa coopa kuti kondakitala amunyoza? Lipotilo linapeleka malangizo 31, ndipo maphunzilo a oyendetsa ndeke ndi anchito a m’ndeke anasintha, mpaka kakhalidwe kamene apaulendo amauzidwa kukhala ndeke ikamagwa kanakonzedwanso.

Akufa a ku Kegworth anasiyila amoyo cinacake. Akufa athu anatisiyila cipilala, mwambo wa caka ndi caka, ndi cikho ca 2012 cimene tinakatenga mu mzinda womwewo wa Libreville. Zonsezi n’zamtengo wapatali, sindikuzipeputsa. Koma mabanja akhala akupempha boma lathu, ulamulilo ndi ulamulilo, kuti liwapatse nkhani yonse, ndipo zaka 10 za cete zija zinadzadza ndi mphekesela. Ena anati ndekeyo inacita kuombeledwa, ndipo ubale wathu ndi Gabon unazilala kwa nthawi yaitali. Pamene palibe lipoti, anthu sakhala opanda yankho. Amapanga lawo. Dziwaninso kuti Buffalo ija inali ndeke ya asilikali, ndipo pangano la ku Chicago silikhudza ndeke zotelo. Anthu wamba 25 anakwela ndeke imene malamulo otetezela apaulendo wamba sanali kuifika. Funso lakuti ndani anasankha zimenezo, ndipo anasankha cifukwa ciani, silili m’kacipinda ka woyendetsa. Lili m’maofesi. Woyendetsa wakufa ndi wosavuta kumuloza cala, pakuti sayankha.

Apa m’pamene mpando uja umakhala wolemela. Wofufuza wamng’ono angathe kupima zitsulo, kufunsa mboni, ndi kulemba zimene wapeza. Koma amene amasankha ngati kafukufuku aimile pa woyendetsa kapena akwele masitepe mpaka ku ofesi ya nduna ndi mkulu wa bungwelo. Ndiye amalandila foni yocokela kumwamba. Ndiye amasankha ngati lipoti lituluke lelo kapena pambuyo pa masankho. Nchito yake yeni-yeni ndi kuima pakhomo kuti anchito ake agwile nchito popanda wowasuzumila.

Ife aphunzitsi sitiloledwa kuconga mapepala a mayeso otsiliza a ana athu a Giledi 12. Amapita kwa ena. Sikuti aphunzitsi tonse ndife akuba. Cifukwa cake n’cakuti ngakhale mphunzitsi woona mtima akaona yankho lolakwika la mwana wake, amaonanso kaphunzitsidwe kake komwe, ndipo dzanja limafewa lokha. Anthu a ku America anazindikila zofananazo pa nkhani ya ngozi. Bungwe lawo lofufuza ngozi za paulendo, NTSB, linayamba mu 1967 lili mkati mwa unduna wa zamtengatenga. Mu 1974 nyumba yawo ya malamulo inalicotsamo, ponena kuti silingafufuze bwino unduna umene likudyela m’manja mwake. Lili ndi akulu asanu, osankhidwa ndi pulezidenti ndi kuvomelezedwa ndi Senate, aliyense kwa zaka zisanu, ndipo a cipani cimodzi sangapitilile atatu. Limafufuza za ndeke, sitima za pamtunda ndi za pamadzi, ngozi zina za pamsewu, ngakhale mapaipi a mafuta. Codabwitsa n’cakuti lilibe mphamvu yolamula aliyense. Silingatseke kampani, silingalipilitse faindi. Limangonena zimene lapeza ndi kupeleka malangizo poyela. Zinakonzedwa motelo mwadala, cifukwa wopanga malamulo tsiku lina adzafunika kufufuza ngozi imene yabwela cifukwa ca lamulo lake lomwe, ndipo dzanja lidzafewa.

Musaganize kuti kumeneko zonse zili myaa. Mu May 2025 boma la a Donald Trump linacotsa mmodzi wa akulu asanu aja, a Alvin Brown, nthawi yawo isanathe. Lamulo lingamange mpanda kuzungulila mpando, koma mpanda umagwa. Cimene cimatsala ndi mtima wa wokhalapo, ndiponso ngati anthu akunja akuyang’ana.

Pali njila ina imene mkulu wa kafukufuku angalakwile coonadi popanda kunama ngakhale liu limodzi. Angasankhe amene ayenela kumvedwa. Citsanzo cili pakhomo pathu. Usiku wa pa 17 kuloza pa 18 September 1961, ndeke imene inanyamula Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations, inagwa kufupi ndi Ndola pamene anali kupita kukakumana ndi Moïse Tshombe pa nkhani ya nkhondo ya ku Katanga. Anthu onse 16 anafa, mmodzi wa iwo atakhalako masiku ocepa m’cipatala. Dziko lino linali likali Northern Rhodesia. Anthu akuda a m’delalo, ena a ku Twapia, ena ootcha makala amene anali m’thengo usikuwo, ananena kuti anaona ndeke ina m’mwamba ndi kuwala ngati moto. Komishoni ya boma la atsamunda inakankhila pambali umboni wawo ngati wosadalilika, n’kugamula kuti oyendetsa ndiwo analakwitsa. Patapita zaka zoposa 50, United Nations inatsegulanso nkhaniyi, n’kuipeleka kwa Mohamed Chande Othman, amene anali mkulu wa oweluza ku Tanzania. Iye anati umboni wa anthu aja unayenela kupatsidwa kulemela, ndipo n’zotheka kuti ndekeyo inaukilidwa kapena kuopsezedwa kucokela kunja. Ambili a mboni zija anali atamwalila kale. Wootcha makala ali ndi maso ngati a injiniya. Angalakwitse pomasulila zimene waona, monga mmene injiniya nayenso angalakwitsile, koma kumutaya cifukwa ca khungu lake kapena nchito yake ndi cosankha ca munthu wokhala pampando. Masiku ano amene angatayidwe motelo ndi amai ogulitsa tomato m’mbali mwa msewu, amene amadziwa bwino kuti pa kona paja pamagwa motoka mwezi ulionse.

Nanga amene amasankha kunena zonse, zimamuthela bwanji? Sindifuna kukunamizani kuti amalandila mendulo. Pa 28 November 1979 ndeke ya Air New Zealand inawomba phili la Erebus ku Antarctica, anthu 257 n’kufa. Kampaniyo inali ya boma. Mkulu wofufuza ngozi za ndeke, Ron Chippindale, anaika colakwa cacikulu pa oyendetsa. Kenako woweluza Peter Mahon anapatsidwa nkhaniyo, ndipo mu 1981 anapeza kuti anchito a kampani anasintha manambala a njila ya ndekeyo mu kompyuta usiku woti ulendo ndi mawa, osauza oyendetsa. Oyendetsa anali kuganiza kuti akuuluka pamwamba pa nyanja, pamene kompyuta inali kuwalondolela ku phili. Mahon ananenanso kuti akulu-akulu a kampani anagwilizana kunama pamaso pake. Nduna yaikulu ya dzikolo, Robert Muldoon, sinakondwe. Makhoti apamwamba anagamula kuti pa mfundo ya kunamayo Mahon anapitilila malile, cifukwa anaweluza anthu asanawapatse mpata wodziteteza, ndipo iye anatula pansi udindo wake. Anamwalila mu 1986. Boma la New Zealand linapepesa mabanja mu 2019, patapita zaka 40.

Nkhani ya Mahon ndimaikonda cifukwa siyosalala. Pa cimene cinagwetsa ndeke, anaona zimene wofufuza woyamba sanazipatse kulemela. Koma atakwiya ndi zimene anamva, anadumpha kucoka pa funso lakuti zinacitika bwanji kupita pa lakuti wabodza ndani, ndipo pomwepo m’pamene adani ake anamugwilila. Kulimba mtima pakokha sikukwanila pampando uwu. Wokhalapo afunika kucitila cilungamo ngakhale anthu amene akuwakayikila, apo ayi lipoti lake labwino limamila pamodzi ndi ciganizo cimodzi cimene sanacitetezele.

Tsopano wina anganditsutse, ndipo ali ndi mfundo. Mai amene wataya mwana pa ngozi safuna malangizo 31. Amafuna kuona munthu ataimilila m’khoti. Kumuuza kuti imfa ya mwana wake idzathandiza ena kuli ngati kumulanda malilo ake n’kuwasandutsa phunzilo la anthu osawadziwa. Ndikuvomeleza kuti apa pali cinthu cimene sicingakonzedwe bwino-bwino. Wofufuza amatumikila kwambili anthu amene sadzamuthokoza, cifukwa munthu amene sanafe pa ngozi imene sinacitike sadziwa n’komwe kuti anapulumuka. Koma onani zimene mai uja amalandila pa njila yathu ya masiku onse. Dalaiva akakhala kuti wafa, mlandu umafela pomwepo. Akakhala moyo, amamangidwa, ndipo mwini basi amalemba dalaiva wina sabata yomweyo, pa basi ina ya matayala ofanana, ndi kashing’i yofanana imene munthu sangaikwanitse popanda kuthamanga. Mai uja wapatsidwa munthu mmodzi, wamng’ono pa onse. Lipoti loona, lofalitsidwa poyela, ndilo lokha lingamuonetse mzele wonse wa manja amene anakankha mwana wake. Cimene angacite nalo pambuyo pake, kwa loya kapena pa tsiku la masankho, ndi cake.

Timakonda kunena kuti tsoka silinunkha. Pamalilo mau amenewa amatonthoza, ndipo sindingawaletse pamenepo. Koma mu ofesi ya wofufuza ndi mau oopsa, cifukwa malipoti a ngozi amaonetsa mobweleza-bweleza kuti tsoka linali kununkha kwa miyezi, ndipo panali anthu amene anamva fungo. Anzathu a ku Malawi anaona zimenezi ndeke ya asilikali itagwa m’nkhalango ya Chikangawa pa 10 June 2024, n’kupha waciwili kwa pulezidenti, a Saulos Chilima, ndi anthu ena 8. Anaitana ofufuza a ku Germany, ndipo iwo analemba poyela kuti ndekeyo inalibe makina osunga mau ndi zocitika za paulendo, komanso kuti batile la kacipangizo kothandiza kupeza ndeke ikagwa linatha nchito mu 2004. Zaka 20 batile lakufa lili m’ndeke yonyamula atsogoleli. Mfundo yotelo siyifuna katswili kuti aimasulile, imangofuna munthu amene saopa kuilemba. N’zomvetsa cisoni kuti kawili-kawili timakhulupilila munthu wotelo akakhala mlendo, amene nchito yake siili m’manja mwa aliyense wa kuno.

Koma ambili a ife sitidzafela m’ndeke. Misewu ya Zambia imapha anthu pafupi-fupi 2,000 caka ciliconse. Pa 7 February 2013, basi ya Post Bus inawombana ndi thilaki ku Chibombo, anthu oposa 50 n’kufa m’mawa umodzi, kuposa a pa Libreville. Ngozi zotele zimafufuzidwa ndi apolisi, amene nchito yawo ndi kupeza wopalamula, ndi RTSA, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la pamsewu la 2002. Sindikunena kuti mabungwewa sagwila nchito. Ndikunena za kakhalidwe ka mipando. RTSA ndiyo imapeleka laisensi kwa dalaiva ndi fitinesi kwa basi. Basi ikagwa, pakati pa mafunso ofunika pali lakuti laisensiyo ndi fitinesiyo zinapelekedwa bwanji, ndipo amene akufunsa ndi yemwe anapeleka. Pa za msewu weniweniwo, kupapatiza kwake ndi zikwangwani zake, woyankha ndi bungwe linanso la boma lomwelo. Mu 2016 boma linaletsa mabasi kuyenda usiku, kucoka 21:00 mpaka 05:00. Mwina linathandiza, mwina linangosamutsila liwilo ku masana. Funso lotelo lingayankhidwe bwino ndi munthu amene sanalembe nawo lamulolo.

Wina adzati dziko losauka silingakwanitse bungwe lina la maofesi ndi magalimoto a akulu-akulu. Nkhawa imeneyi ndi yoona, mabungwe odya ndalama tili nawo okwanila. Koma cimene cikufunika si nyumba yosanja. Ndi anthu ocepa odziwa za injini, za misewu ndi za kutopa kwa thupi la munthu, mtsogoleli amene sangacotsedwe ndi foni imodzi, ndi lamulo lakuti lipoti lililonse lituluke poyela pa nthawi yoikika, kaya likukondweletsa nduna kapena ai. Sangafufuze ngozi zonse, ndipo safunika kutelo. Angasankhe zazikulu zocepa pa caka, monga ya ku Chibombo, n’kuzitsata mpaka kwa mwini basi, kwa woyesa mabuleki, ndi kwa amene anajambula msewu. Malamulo a ICAO amafuna kuti lipoti la ngozi ya ndeke lituluke m’miyezi 12 ngati n’kotheka, ndipo likacedwa, ofufuza azinena poyela caka ciliconse pamene afika. Palibe cimene cingaletse nyumba yathu ya malamulo kulemba zofananazo za mabasi a pa Intercity.